Chigubu cha Mkazi wa Telala

Amene anamuchotsetsa mayi uja pa mankhwala si adokotala, si afiti, si Mulungu ayi. Ndi mwamuna wake, telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, yemwe uja amamanga tayi ngakhale popita kogula makala. Ntchito yake inali imodzi yokha, kunyamula chigubu cha mkodzo wa mkazi wake kupita nacho kuchipatala. Iye ankakhuthula mkodzowo m'ngalande ya kuseri kwa msika, akafika kuchipatala n'kulowa m'chimbudzi, n'kukodzeramo yekha, n'kuonjezera madzi a pampopi. Ndanena poyera kuti wina asadzati sanamve bwino.

Tsiku limene anabwerako kuchipatala chimanjamanja, opanda mapiritsi, m'nyumba muja munabuka moto. Anauyatsa ndi achemwali ake a telala, amene anabwera kudzadwazika matenda. Anthu amawatcha Awailesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana ngakhale ogontha aimva.

"Alamu, tiuzeni kumene mumataya mapiritsi aja," anatero Awailesi ataima pakhomo la kuchipinda, manja m'chiuno. "Mwavomera nokha pamaso pa adokotala kuti mumaiwala kumwa. Munthu angaiwale moyo wake? Mchimwene wangayu wasiya makina, wasiya makasitomala, akuyenda ndi zonyansa zanu m'misewu ngati alibe ulemu. Inu kumuthokoza kwake n'kumeneku?"

Wodwalayo anali atagona chopenya kukhoma. Anangoti, "Ndamva, alamu."

"Mwamva chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tingakumezereni mapiritsi?"

Telala anali pabalaza, atakhala pampando wa makina ake akale amene amasokera kunyumba. Ankalowetsa ulusi pa singano, ulusi n'kumaphonya, iye n'kumaunyowetsa ndi malovu, n'kumaphonyabe. Mawu onse ankamupeza pomwepo, pakuti chitseko cha kuchipinda ndi nsalu chabe. Akanatha kutsegula pakamwa. Koma fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Awailesi sanalekere pomwepo. Anavundukula matiresi, anagwedeza pilo, anasuzumira m'nsapato ndi m'chitini cha mabatani, ati akufuna mapiritsi obisidwa. Anakumbutsa wodwalayo kuti akazi ambiri analira kuti alowe nawo m'kafukufuku wa mapiritsi atsopanowo koma anabwezedwa pakhomo, ndipo iye, mwayi utamugwera, wauponda ndi phazi. Atatopa anatulukira pabalaza n'kumuuza mchimwene wawo kuti mtima wake wabwinowo udzamupha.

"Ingomusiyani, achemwali, wadwala," anatero telala, maso ali pa singano.

"Mukuona? Mpaka pano akukuikirani kumbuyo. Amuna otere anatha, alamu."

Mawu amenewo anamulowa telala ngati singano yolowa pansi pa chikhadabo.

Matenda a mkazi wake anali khansa ya khomo la chiberekero. Mankhwala a masiku onse atalephera, achipatala anamufunsa ngati angalole kuyesa mapiritsi atsopano amene anali pa kafukufuku. Analola, ndipo mapiritsiwo anamuyanja. Magazi amene ankangotuluka analeka. Anayamba kudya, anayamba kugona tulo, mpaka ankakhala pakhomo n'kumasokerera mabatani pa malaya a makasitomala a mwamuna wake monga kale. Chimene ofufuzawo anapempha n'chakuti nthawi ndi nthawi asunge mkodzo wa tsiku lonse m'chigubu chimene anamupatsa, chigubucho chikhale m'bokosi la ayisi, m'mawa mwake wina apite nacho. Minibasi inkamupweteka mayiyo m'chiuno, ndiye wopita nacho anali mwamuna.

Ulendo woyamba ndi umene unamuononga telala. Kondakitala ananyamula bokosi lija kuti aliike pansi pa mpando, n'kufunsa ngati madala ayamba geni ya zoziziritsa kukhosi, n'kutsegula. Chivindikiro cha chigubu sichinatsekeke bwino. Mayi wina anaphimba mphuno ndi mpango. Ndipo kumbuyo kunakhala bambo wina amene telala anamusokera suti ya ukwati, amene anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa kuti, atelala, kodi madamu akukwezani pantchito? Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Kuyambira pamenepo chigubu chinkafika pamsika chodzaza n'kuchokapo chopanda kanthu, chitakulungidwa m'nsalu ya buluku ngati katundu wa kasitomala, bokosi lili m'thumba lalikulu. Panjira ankamwa madzi ambiri. Mumtima ankadziuza kuti mkodzo ulibe dzina, achipatala amangofuna aone chigubu chodzaza.

Patapita masiku angapo chichitikireni mkangano uja, telala anapita kukabweza bokosi la ayisi. Ankafuna kungolisiya pawindo n'kuthawa, koma namwino anamuuza kuti mayi wa ku labu akufuna amuone.

Chipinda chake chinali kumapeto kwa khonde lalitali, chozizira ngati m'bandakucha wa nyengo yachisanu. Mafiriji ankalira chapansipansi mbali zonse. Pamatebulo panali timabotolo tating'ono ngati chala, tondandalikidwa m'mizere, kalikonse ndi kapepala kake, ndipo pakona makina ena ankatola kamodzikamodzi ndi kadzanja kachitsulo. Mayi wa ku labuyo anali wamfupi, wamagalasi, wa imvi zapatalipatali. Telala anaona kuti thumba la gauni lake loyera linasokedwa mokhota, ndipo maso ake anakakamira pathumba pomwepo chifukwa kumaso kwa mayiyo sakanatha kuyang'anako.

Mayiyo anamupatsa mpando. Anamufotokozera kuti iwo m'chipinda muja sachiza munthu, ndipo odwala ambiri sawadziwa n'komwe nkhope. Ntchito yawo ndi kulondola mankhwala ngati mlenje wolondola mapazi a nyama: alowa bwanji m'magazi, akhalamo nthawi yotani, atuluka bwanji. Zimenezo n'zimene zimauza madokotala muyezo woti apatse munthu kuti mankhwala aphe matenda osapha mwini wake. Magazi amene anamutenga mkazi wake masiku amene ankamwera mapiritsi pamaso pa namwino anali ndi mankhwala bwinobwino. Zigubu zochokera kunyumba, kupatula choyamba, zinalibe ngakhale kafungo ka mankhwalawo. Ndiye panali njira ziwiri: kaya mayi samwa akakhala kunyumba, kaya impso zayamba kutseka ndipo mankhwala akuunjikana m'thupi. Zonse ziwiri zinkawakakamiza kuimitsa mapiritsiwo.

"Koma ine pali chimene chikundisowetsa mtendere, bambo," anatero mayiyo. "Akazi anu anati amaiwala. Munthu woiwala amaiwala lero, mawa n'kumwa, ndipo ife timapezamo kochepa. Umu munalibe chilichonse. Komanso namwino wa pawindo akuti chigubu chinkafika chofunda, chikutuluka m'bokosi la ayisi."

"Ndi dzuwa la m'minibasi, mayi."

"Dzuwa." Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa gauni. "Ine sindine wapolisi, bambo. Zigubu zimatayika, zimagwa, anthu amachita mantha n'kuchita zina. Ndaziona. Ngati chilipo chimene chinachitika panjira, ndiuzeni, ndikauze adokotala, mayi abwerere pa mapiritsi matenda asanadzuke. Akuluakulu a kafukufuku akhala pansi mwezi uno usanathe. Akakatseka dzina la mayi, ine ndilibe kiyi wake."

Mawu anakwera mpaka pakhosi pa telala. Anawamva akugunda pa mfundo ya tayi. Koma nthawi yomweyo munalowa atsikana awiri ovala magauni oyera atanyamula thireyi ya timabotolo, akuseka zawozawo, ndipo mmodzi anamupatsa moni waulemu, kumutchula kuti bambo. Anene pamaso pa ana amenewa kuti iye, munthu wa ndevu zake, ankaima m'chimbudzi cha chipatala atagwira chigubu cha mkazi wake? Ananena kuti palibe chimene akudziwa, iye ankangonyamula monga anamuuzira.

Mayi uja anamuuza kuti chitseko chake sichikhala chokhoma.

Potuluka, telala anadziuza kuti abweranso mawa, nthawi imene mayiyo adzakhale yekha. Mawa lake kunabwera kasitomala wa mayunifolomu a sukulu. Tsiku linalo kunagwa mvula. M'mawa uliwonse ankamanga tayi akuti lero ndiye lero, akafika pamphambano miyendo n'kumutengera kukhonde la sitolo ya zitsulo. Kumeneko ankaponda makina mwamphamvu ngati akuthawa galu. Anadula buluku la mphunzitsi wina mwendo umodzi kufupika, chinthu chimene sanachitepo chiphunzirireni ntchito. Mwini sitolo anamufunsa ngati wayamba kumwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, akuluakulu ananena kalekale, koma mwambi sugwira munthu dzanja n'kumukwezetsa minibasi.

Kunyumba matenda anadzuka. Anayamba ndi msana, kenako magazi anabwerera, poyamba madontho, kenako moti nsalu zoyala zinkachapidwa kawiri dzuwa lisanalowe. Mankhwala opha ululu amene anamupatsa kumzere wa odwala onse ankangomugonetsa pang'ono. Chitini cha mabatani chinabwerera pawindo n'kuyamba kutola fumbi. Fungo la matendawa amene analimvapo saliiwala, ndipo Awailesi ankatsegula mawindo onse n'kumapemerera ndi chivindikiro cha ndowa kuti aliyense wodutsa adziwe mtanda umene asenza.

Pampopi wa pabwalo, pamene mabanja onse a m'nyumba zoyandikanazo amatunga madzi, nkhani inali imodzi. Mkazi wa telala ankataya mankhwala a azungu m'chimbudzi. Ena anati anapita kwa mneneri amene anamuletsa. Ena anati akazi ena amakonda kudwala kuti mwamuna aziwatumikira. Ndipo onse ankamumvera chisoni telala. Akamadutsa, amayi ankatsitsa mawu n'kumupatsa moni wa pamaliro, wina mpaka anamuuza kuti akanakhala mwamuna wake bwenzi atathawa kalekale. Iye ankavomera moniwo, n'kuwerama pang'ono, n'kudutsa. Ulemu umenewo unkamuwotcha kuposa chiseko cha m'minibasi chija, koma ankaulandirabe.

Ankaopa kulowa kuchipinda. Akalowa ankafunsa za ululu maso ali pakhoma, mkazi wake n'kuyankha kuti zili bwinoko, n'kumufunsa ngati wadya. Sanamufunsepo china chilichonse. Telala ankaganiza kuti ndiye kuti sakudziwa, ndipo ankathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Taonani zinthu zimene anthu amathokozera Mulungu.

Zinafika pachimake masana ena Loweruka. Telala anabwera kudzatenga sizasi imene anaiwala, n'kupeza chikwama chachikulu chili pakati pa balaza, Awailesi akupindiramo zovala za mlamu wawo. Anati alankhula kale ndi abale a mkaziyo pafoni, abwere adzamutenge. Munthu wokana mankhwala akakanire kwawo. Mchimwene wawo waonda, ntchito ikuonongeka, nyumba yasanduka chipatala, ndipo mutu umodzi susenza denga. Iwo monga mlongo wamkulu sangaonerere magazi awo akutha chifukwa cha munthu wosayamika.

Telala anaima pakhomo ngati chitsa. Anati mwina adikire kaye. Awailesi anafunsa kuti adikire chiyani, maliro?

Pamenepo kuchipinda kunamveka mawu. Wodwalayo anapempha alamu ake kuti akamugulire sopo kugolosale, uja watha. Awailesi anang'ung'udza kuti ngakhale pochoka munthu akutumabe anthu, koma anatenga mpango n'kutuluka.

"Bambo a m'nyumba, talowani."

Analowa. Mkazi wake anali atadzikoka n'kutsamira khoma. Nkhope inali itatha, kutsala maso okha.

"Khalani apa, pabedi. Simudetsedwa."

Anakhala m'mphepete.

"Mapiritsi aja amasintha mkodzo," anatero mayiyo mwapang'onopang'ono, akupuma pakati pa mawu. "Umakhala wofiirira, ngati madzi otsukira chitsulo chadzimbiri. Inu simungadziwe, simunauyang'anepo. Ndinkathira ndine m'chigubu, ndinkatseka ndine. Tsiku lija adokotala atanena kuti zigubu zinkafika zoyera ngati madzi a mvula, ndinakuyang'anani kamodzi. Munali mukukonza tayi."



"Ndiye munkadziwa," anatero telala.

"Ndakhala nanu zaka zonsezi, ndingalephere kudziwa mukamakonza tayi yokonzakonza?"

"Nanga bwanji munanena kuti mumaiwala kumwa?"

"Ndikananena chiyani? Adokotala ali apo, namwino ali apo, achemwali anu ali apo ndi pakamwa pawo paja. Pofika madzulo msika wonse ukanadziwa. Mukanakhalanso pakhonde paja? Ndinaona mwamuna wanga ali maliseche pagulu, ndinavula nsalu yanga n'kukufunditsani. Ndinkati tikafika kunyumba muvala zanu, mundibwezera yanga." Anapuma. "Ndadikira, bambo. M'mawa uliwonse ndikamva mukumanga tayi ndimati lero akupita. Madzulo ndimamva fungo la mafuta a makina, ndimadziwa kuti simunapite. Mpaka lero ndikadali chivulire, ndipo achemwali anu akundipakirira kuti ndikafike kwathu choncho."

Telala anafuna kufotokoza za minibasi, za kondakitala, za bambo wa suti ya ukwati. Atayamba, mawuwo anamveka aang'ono kwambiri m'chipinda muja moti anawasiya panjira. Mkazi wake anamvetsera mpaka pamene analekera.

"Anakusekani," anatero. "Pepani. Zinapweteka eti?"

Sananene mwachipongwe, ndipo n'chimene chinamuthyola. Akanamutukwana bwenzi zili bwino.

"Sindikufuna kufera kwathu ndi dzina la munthu wotaya mankhwala," anatero mayiyo. "Ndipo sindikufuna kufa n'komwe. Ndinali nditayamba kuchira, bambo. Munaona nokha."

Telala anatuluka osatenga sizasi. Anakumana ndi Awailesi pabwalo atanyamula sopo, n'kuwadutsa. Minibasi inachedwa kudzaza, iye anatsika n'kuyamba kuyenda, kenako kuthamanga, tayi ikuuluka paphewa, anthu akumupatukira. Atafika anapeza labu yotseka, pakuti linali Loweruka masana. Lolemba m'mawa mlonda anamupeza atakhala pasitepe.

Mayi wamagalasi uja sanali yekha. Atsikana awiri aja analipo, ndi mnyamata wamkulu wokonza makina. Telala sanadikire kuti atuluke. Anaima pakati pa mafiriji n'kunena zonse: ngalande ya kuseri kwa msika, nsalu ya buluku, madzi amene ankamwa panjira, chimbudzi chachiwiri kuchokera kukhomo, mpopi. Mtsikana mmodzi anaika thireyi pansi. Palibe anaseka. Dziko silinang'ambike, denga silinagwe. Chinthu chimene anachiopa masabata onsewo chinatha msanga kuposa kusoka batani limodzi.

Mayiyo anauza anzakewo kuti atuluke.

"Akuluakulu aja anakhala pansi sabata yatha, bambo."

Telala anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Mayiyo anati apita kwa adokotala tsiku lomwelo, ndipo zoona zilembedwa, kuti mayi ankamwa mankhwala mokhulupirika ndipo impso zawo sizinalakwe. Zimene anayeza m'zigubu zija azichotsa, ntchito yonseyo yapita m'madzi, ndipo kunali madokotala amene anayamba kale kuda nkhawa ndi impso za akazi ena chifukwa cha zigubu zomwezo. Koma kubwezeretsa munthu amene wakhala nthawi yaitali chotere osamwa, matenda n'kudzukanso, malamulo a kafukufuku salola. Si nkhanza, ndi mmene amatetezera odwala onse. Apempha, koma asamunamize.

Telala anagwada pasimenti yozizira ija. Anati amulange iyeyo, amutengere kupolisi, amulembe m'nyuzipepala, koma mayi apatsidwe mapiritsi.

"Dzukani, bambo, mudetsa buluku," anatero mayiyo. "Ndinakufunsani. Munakhala pampando uwo."

Yankho la adokotala linabwera sabata yomweyo, ndipo linali lomwe lija.

Telala atawauza Awailesi zoona zake, kwa nthawi yoyamba chibadwire wailesi inatha mabatire. Anakhala pampando wa makina, kukamwa kuli yasa. Kenako anadzuka, anatseka chitseko, anatseka mawindo amene ankakonda kutsegula aja, n'kunena monong'ona kuti nkhani imeneyi ithere m'nyumba momwemo. Mwamuna sachititsidwa manyazi pagulu. Akamva a pamsika, ndani adzabweretsenso nsalu yake kwa telala wokodzera m'chigubu? Banja lidya chiyani? Zachitika zachitika, madzi akatayika saoleka. Anatulutsa zovala za mlamu wawo m'chikwama n'kuzibwezera m'kabati, anamuphikira tiyi, anayamba kumutchula kuti mlamu wanga wokondedwa. Koma pampopi sanapite kukabweza mawu awo. Amene anafalitsa bodza nyumba ndi nyumba anati choonadi ndi chinsinsi cha banja.

Ndipo telala anavomera. Anauza mkazi wake kuti achipatala alemba zoona, dzina lake layera. Mayiyo anafunsa kuti layera kuti, m'mafiriji?

Masiku ano telala amabwera kunyumba msanga. Amatenga zidutswa zofewa zotsala ku nsalu za makasitomala, n'kumusokera mkazi wake tinsalu todzitetezera ku magazi, mizere yowongoka bwino, ntchito yaukatswiri. Amasoka chitseko chili chotseka. Amamutembenuza, amamupukuta msana, amamumwetsa madzi ndi sipuni. Wina akamuona angati mngelo.

Tsiku lina m'mawa Awailesi anali atapita kumsika, ndipo beseni la nsalu zamagazi linali litadzaza. Telala anati achapa yekha. Analinyamula mpaka pakhomo, anasuzumira pabwalo, n'kuona amayi ali pampopi ndi ndowa zawo, akucheza. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anaima kuseri kwa chitseko, beseni lili m'manja, kudikira kuti achoke. Amayi a pampopi sachoka msanga. Anaima, madzi ofiira akugwedezeka, manja akutopa.

Anamva kukhwekhwereza kumbuyo. Mkazi wake anali atadzuka, akuyenda chogwira khoma, nsalu itamangidwa pachifuwa pamene panatsala mafupa okhaokha. Anafika, anagwira beseni mbali yake.

"Bweretsani, bambo," anatero. "Ine anandiseka kale."

Ndipo iye anasiya. Anasiya beseni. Mayi uja anatuluka nalo padzuwa, akupuma katatu asanafike pampopi, amayi aja n'kumupatukira, wina akunong'oneza mnzake kuti ndi uja wotaya mankhwala uja.

Ine ndinali pampopi pomwepo tsiku limenelo, ndipo ndinamulanda beseni n'kuchapa ndekha. Zinazi anandiuza mwini wake tikuyanika, osalira n'komwe, ndipo zotsalazo ndinakazifinya kwa telalayo pakhonde lake mpaka anazitulutsa. Ine mwamuna wanga anadwala chaka chathunthu asanamwalire. Ndinanyamula mkodzo wake, masanzi ake, chimbudzi chake, kudutsa pabwalo lomweli masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe anandifunsa ngati ndili ndi manyazi. Palibe anandiyamika, palibe anandiseka. Ankati ndi ntchito ya mkazi.

Mayi uja akadali moyo pamene ndikulemba izi, koma pabedi sachokanso. Telala akumangabe tayi, ndipo anthu akumupatsabe moni wa ulemu.

Tsono inu amene mwawerenga, musangopukusa mutu n'kutembenuza tsamba. Inu a m'minibasi amene munaseka, inu alongo amene mumaphimba achimwene anu ndi mitembo ya akazi awo, inu abambo amene mukuti ine sindingatero pamene simudziwa n'komwe pamene beseni limakhala m'nyumba mwanu. Manyazi a mwamuna amalemera bwanji kuti mkazi awalipire ndi moyo wake? Anakuphunzitsani ndani kuti chigubu n'cholemera kuposa bokosi la maliro? Pakuti bokosilo mudzalinyamula, ndikudziwa, mudzalinyamula paphewa pamaso pa anthu onse mutavala masuti, ndipo simudzachita manyazi.

Ndiyankheni. Ndili pampopi pano, sindichoka.